Pakamwa pa Tiki Wanga Musakonzepo

Ana inu, Takondwa, Madalo, ndi iwe Yankho amene ndamva kuti wamera ndevu zitatu ndipo ukumaziwerenga m'mawa uliwonse, khalani pansi kaye. AnaPhiri, mayi a ku Dowa amene akhala akugwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Doha, amaliza kontrakiti yawo ndipo akubwerera kumudzi. Ndawapatsira chikwama chanu. Muli nsapato, muli tende, zipatso zotsekemera za kanjedza wa kuno, muli ndi chinthu china cholemera chokulungidwa m'thaulo lobiriwira. Nsapatozo limbiranani mmene mungathere. Koma thaulolo musalimasule musanamalize kalata ino. Ndikukudziwani. Mukangoona nkhope ili mmenemo mudzafa ndi phwete, ndipo Madalo adzathawira kuseri kwa bafa.

Inu mumanditchula agogo a Lasiti, mwina mumayesa ndi dzina la m'Baibulo. Ayi. La ubatizo ndine Gilibati. La Lasiti ndinalitola pamsewu ku Lilongwe, pamene ndinagulitsa ziboliboli zaka makumi awiri. Mzungu akatopa nane ankafunsa kuti, "Last price?" Ine n'kutchula. Akayamba kuchoka ndinkamuthamangira ndi lasiti pulaisi ina. Tsiku labwino njovu imodzi inkakhala ndi malasiti pulaisi asanu.

Inu a masiku ano mumagula zinthu pafoni, osamuona n'komwe wogulitsa. Mukumanidwa zambiri. Kale malonda anali gule. Unkayamba wayang'ana nsapato za munthu, kenako khungu lake ngati dzuwa lathu lamupsereza kale. Wofiira ngati phwetekere ndiye kuti wangotsika kumene ndege, ameneyo unkamulandira ndi manja awiri. Mlombwa tinkaupaka polishi wa nsapato mpaka ude bii, n'kumalumbira kuti ndi mphingo. Mvula ikagwa tinkaphimba katundu msangamsanga, poopa kuti mphingo wathu angayambe kuchucha. Musandiyang'ane choncho. Ndinalapa.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi: pa ziboliboli zonse zija, palibe ngakhale chimodzi chimene ndinasema ine. Ankasema ndi achimwene anga, agogo anu a Filimoni, amene mukudziwa pamene agona. Inu munawaona atakalamba, akutsokomola fodya pansi pa chisakasa chawo ku Golomoti. Ine ndinawaona ali ndi mphamvu. Ankakhala pa chitsa chomwe chija, chipika atachipana ndi mapazi, kasemasema wa malume athu akukwera ndi kutsika ngati akupuma. Sankayankhula. Tsiku lonse mawu awo sakanadzaza chikho.

Ndili mnyamata anayesa kundiphunzitsa. Anadula mphingo n'kundionetsa. "Taona. Kunja n'koyera, n'kofewa, usakukhulupirire. Mtengo weniweni uli pamtima. Kumba mpaka upeze chakuda." Tsiku lachiwiri ndinadzitema chala chachikulu, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo. Tinagawana ntchito osakambirana: iwo manja, ine pakamwa. Mwezi ndi mwezi ndinkakwera basi ndi matumba awiri a ziboliboli, chinangwa chowotcha m'thumba la jekete, njira yonse nditakumbatira nyamalikiti kuti angathyoke khosi.

Tsiku lina achimwene anabwera m'tauni kudzagula tupa wonolera zida, osandiuza. Anaima kumbuyo kwanga. Ine ndinali kalikiliki ndi mayi wina wachizungu, ndikumuonetsa chiboliboli cha mayi wobereka mwana. Ndinkamuuza kuti ndasema ndekha miyezi itatu, ndinakweza ngakhale manja m'mwamba. "My hands, madam." Achimwene Chingerezi sankachimva, koma manja okweza m'mwamba safuna womasulira. Nditatembenuka ndinawapeza akuyang'ana pansi. Ndinawaperekeza ku depoti. Akukwera basi ndi pamene anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza ngati akusankha nsomba pamsika.

"Manja abwino," anatero. "Uziwasamala."

Basi. Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zambiri ngati kamwala m'nsapato.

Kenako azungu anachepa, mphingo unatha m'mapiri, ana anafuna sukulu. Ndi mmene ndinapezekera kuno, munthu wa imvi, nditavala yunifolomu ya ulonda pa geti la kompaundi ina ku Al Waab. Nyumba zofanana ngati mazira, mipanda italiitali, kanjedza m'mbali mwa msewu. Ntchito yanga inali kukweza ndi kutsitsa chitsulo chotchinga magalimoto. Taganizani, ine Lasiti, pa ntchito yopanda kunenerera. Chitsulo chili m'mwamba kapena chili pansi, basi, kapena khalas monga amanenera kuno. Lilime langa linayamba kuchita dzimbiri.

Ndiye kunabwera mliri uja. Inu munkasangalala kuti sukulu zatsekedwa, ndikudziwa. Kuno mzinda unangoti zii. Anandipatsa kamfuti koyezera kutentha pamphumi, ndipo aliyense wolowa ankayenera kundionetsa foni kuti ili green, kusonyeza kuti alibe matendawo. Matchalitchi a ku Abu Hamour, kumene Amalawi tinkaonerana Lachisanu, tsiku lopuma kuno, anatsekedwa. Kampani inatichotsa ku accommodation, kumene antchito tinkagona, n'kutigoneka m'kachipinda kuseri kwa kompaundi, kuti tisamayendeyende. Miyezi inadutsa dziko langa lili kuyambira pa geti kulekezera pa mabini a zinyalala.

Kuseri komweko kunali zipika. Kanjedza atatu anadyedwa ndi kachilombo kofiira, konga nankafumbwe koma kakakulu ngati chala. Anawadula, koma lole yodzatenga sinabwere, ndiye zinangokhala padzuwa n'kumauma. Tsiku lina nditaweruka ndinamva phokoso limene ndinali ndisanalimve chichokereni kwathu: go, go, go. Ndinkayesa ndikapeza chisakasa.

Ndinapeza Rodel, Mfilipino amene ankakonza ma-AC ndi mipope pa kompaundipo, bambo wamfupi wosayankhulayankhula. Anaimika chipika chofika m'chiuno, ndipo m'chipikamo munkatuluka nkhope. Maso ngati mbale, mphuno yophwatalala, mano onse pamtunda.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Tiki."

Anandifotokozera kuti ndi ziboliboli za anthu a kuzilumba zakutali, pakati pa nyanja yaikulu, ndipo eni ake amaziona ngati nkhope za makolo awo. Iye anaphunzira pa hotela ina ya kwawo. "Si za kwathu, Malawi," anatero, poti ankanditchula dzina la dziko. "Tabwereka. Chobwereka umachigwira bwino."

Ine mukundidziwa. Ndinazungulira chipikacho kamodzi, m'mutu ndikuona kale madamu a pa kompaundi atachiimika pafupi ndi damu losambira.

"How much?"

"Not for sale. Hobby."

Ndinamufunsa kawiri kuti hobby n'chiyani. Akuti ntchito imene umagwira osafuna kugulitsa. Ndinamuyang'ana ngati wodwala amene kamfuti kanga kamuphonya.

AnaPhiri, omwe akubweretserani chikwamawa, ankagwira pa nyumba yachitatu kuchokera pa geti. Potaya zinyalala anatipeza. Anaima patali, masiki pakamwa, manja m'chiuno.

"Bambo Lasiti! Tchalitchi changotsekedwa miyezi iwiri, mwayamba kale mafano?"

"Mayi, awa ndi abwino, sapempha chakhumi."

"Mudzayankha nokha. Yalla, fulumirani, ndipatseni njira, madamu akundidikira."

Lachisanu lina ndinaimba foni ya kanema kumudzi. Esinati, mwana wa achimwene, mayi ako iwe Takondwa, ndi amene ankawagwirira foni. Achimwene anandifunsa funso wamba. "Nanga ukutani kumeneko masiku ano?" Ndikanangoyankha kuti ndikukweza chitsulo. Koma lilime lakale linadzuka lokha. Ndinatembenuzira foni kwa tiki wa Rodel.

"Taonani, achimwene, zimene ndayamba kupanga."

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Esinati, yandikitsa." Anayang'ana maso, anayang'ana mano. "Wasema bwino munthu ameneyu. Dzanja lake silinjenjemera. Gilibati, onetsa manja."

Ndinawaonetsa. Osalala, onunkhira sanitaiza.

"Umupatse moni mwini wake," anatero. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Kenako anawonjezera, akuyang'ana kumbali: "Ndisanafe ndidzaoneko chinthu chimodzi chotuluka m'manja mwako. Kaya ndi mthiko."

M'mawa mwake ndinapita kwa Rodel, chipewa m'manja.

Ana inu, kanjedza si mtengo ngati mitengo imene mukuidziwa. Ndi mtolo wa singano. Sabata ziwiri zoyamba Rodel anangondipatsa ntchito yosenda makungwa. Ulusi wake umalowa m'khungu n'kuthyokera momwemo, ndipo umatuluka tsiku limene wafuna wokha. Kenako kujambula nkhope ndi choko, kufufuta, kujambulanso. Kenako tchizulo ndi hamala yamtengo: uyambe wadula mzere woimirira, ndiye ubwere chammbali kudzachotsa kachidutswa. Ukamaliza umawawula ndi moto ngati mbewa, kuti tiulusi tipse, n'kupala ndi bulashi yawaya, n'kupaka vanishi. Ine ndinayesa kunenerera, ndikumutchula Kuya, ulemu wa kwawo woitanira mkulu wako.

"Kuya Rodel, zosendazi sitingadumpheko? Theka lokha?"

"Mafi discount, Malawi." Mafi ndiye kuti palibe, m'chiyankhulo cha kuno.

Lamulo lake lalikulu linali limodzi. Ankakweza zala ziwiri. "Kuzama kwake apa basi. Osapitirira." Ine ndinkagwedeza mutu monga mmene inu mumagwedezera kwa aphunzitsi a masamu. Mumtima ndinkati, iwe wokonza mipope ungandiuze chiyani, ine wobadwira m'banja la osema? Sindinafunse chifukwa chake. Munthu wozolowera kuyankhula safunsa.

Ndinaononga zipika zing'onozing'ono zingapo pophunzira maso okha. Koma ndinayamba kuona chinthu chachilendo. Ndikagwira tchizulo, lilime linkagona. Ola lathunthu linkatha osayankhula. Ndinayamba kumvetsa kuti achimwene sanali munthu wosowa mawu. Mawu awo ankatulukira kwina.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho malamulo a ntchito anasintha. Kale munthu sunkasintha ntchito popanda kalata ya bwana wako yokumasula, ndipo bwana akakana, wakana. Tsopano anati ukhoza kupereka notisi n'kupita. Anthu ankanong'onezana pa mabini, osakhulupirira. Rodel anayesa ku-apply ku hotela ina, ndipo patapita miyezi ya mapepala anamutenga. Tsiku lochoka anandisiyira matchizulo atatu, hamala, chipika chomaliza chouma bwino, ndi tiki mmodzi wa iye mwini, wokongola kuposa uja ndinanamizira achimwene.

"Zala ziwiri, Malawi," anatero ali m'galimoto.

Chipika chomalizacho ndinachiyamba pang'onopang'ono, nyengo yozizira ya kuno itafika. Ndinkafuna chidzakhale chopanda banga. Maso anatuluka bwino. Mphuno inapotoka pang'ono, koma mphuno za anthu enieni nazonso n'zopotoka. Ndinkati palibe changu.

Kwathu inali nthawi ya mvula, chimanga chili m'mawondo, pamene mliri unabwerera ndi ukali. Uthenga wa Esinati unandipeza pa geti. "Bambo aang'ono, bambo sakupuma bwino. Mawa tikuwatengera kuchipatala. Akuti mafoni kumeneko ndi ovuta. Muimbe lero."

Ndinathamangira kwa supervisor. Anandimvera chisoni, sindinganame. Lamulo latsopano linkati ndikhoza kutuluka m'dziko osapempha chilolezo cha bwana. Koma lamulo silinyamula munthu. Ndege zinali zapatalipatali, kunali kuyezetsa, kunali kubindikiritsidwa uku ndi uko. Ngakhale ndikananyamuka tsiku lomwelo, ndikanafika mochedwa. Chimene ndikanatha chinali chimodzi chokha, kuwaonetsa chipika chija, ndipo chinalibe pakamwa.

Ndinapempha mnzanga wa ku Nepal andigwirire shift ya masana. Ndinapita kuseri, ndinajambula mano ndi choko, ndinayamba kugogoda. Pakamwa pankaoneka posazama, ngati pongokanda. Ndinkafuna achimwene adzaone mthunzi weniweni m'kamwamo, monga mmene iwo ankazamitsira m'makutu mwa njovu. Ndipo m'mutu mwanga munamveka mawu aja a ubwana: kumba mpaka upeze chakuda. Phunziro limodzi lokha limene ndinasunga la achimwene. Ndinapitirira zala ziwiri. Ndinapitirira zitatu. Ndinamenya mwamphamvu.

Tchizulo inalowa ngati yalowa m'dzungu.

Kanjedza alibe mtima wolimba, ana inu. Mphamvu zake zonse zili kunja. Mkati ndi mofewa ngati nzimbe yotafuna kale. Mlomo wam'munsi unagumuka mbali yonse ya kumanzere, mano anayi anagwera pansi, panatsala dzenje la ulusi wolendewera. Ndinatola manowo n'kuyesa kuwabwezera ngati mwana amene waswa mbale. Chipika china panalibe. Nthawi panalibe.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene agogo anu ayenera kuvula chipewa. Pakona panali tiki uja anandisiyira Rodel. Achimwene anali asanamuonepo. Ndinaganiza kuti munthu wodwala maso ake ndi ofooka, foni ya Esinati ndi yosweka galasi, ndani angadziwe? Ndinadziuza kuti ndi chifundo, kuti apite akusangalala. Ndinamunyamula n'kumuimika poyera. Ndipo podziwa kuti adzafunsa manja, ndinawerama kuti nditape fumbi la kanjedza ndidzipake, malonda aoneke enieni.

Nditatambasula manjawo kuti nditape fumbi, ndinawaona. Matuza osweka. Timinga takuda pansi pa khungu. Chikhadabo chimodzi chofiirira chimene hamala inachipeza. Panalibe choti ndipake.

Kenako ndinabweza wa Rodel pakona, n'kumuphimba ndi katoni.

Foni italowa, achimwene anali pa mphasa pakhonde, atatsamira khoma, atafunda bulangete masana. Mvula inkamveka pa malata. Mawu aliwonse ankawagula ndi mpweya.

"Achimwene, ndabwera nacho. Si mthiko."

Esinati anayandikitsa foni. Anayang'ana nthawi yaitali, monga tsiku lija. Maso, mphuno, kenako dzenje.

"Onetsa manja."

Ndinawaonetsa, kuseri ndi kutsogolo.

Anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinachita mantha, ndinkayesa akubanika. Esinati anati, "Akuseka, bambo aang'ono."

"Wakumba," anapuma, "ngati ukufuna mbewa."

"Munati ndikumbe mpaka ndipeze chakuda."

"Pa mphingo, chitsiru iwe." Anapumanso. "Mtengo uliwonse umayamba waufunsa."

"Ndamva, achimwene."

"Maso ali bwino. Maso wawapeza." Anatseka awo pang'ono, n'kutsegulanso, ndipo ndinaona kankhope kaja ankapanga tili ana akafuna kundiputa. "Bwana. Lasiti pulaisi?"

"Sichogulitsa, achimwene."

"Esinati, wamva? Ulembe tsiku la lero." Anakhosomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anati, "Ubwere nacho. Pakamwapo ndidzakonza ine. Usakhudzepo."

"Sindikhudza."

Anapita nawo kuchipatala m'mawa mwake. Anagonako masiku awiri.

Za maliro inu mukudziwa kuposa ine, ngakhale anakuimikani patali. Panalibe kugona pa siwa, panalibe kusambitsa thupi, panalibe kuona nkhope. Anthu ovala zoyera ngati a kumwezi anatsitsa bokosi mofulumira. Ine ndinaonera pa foni, nditaimirira pa geti, chifukwa tsiku limenelo panalibe wondigwirira. Ali mkati mokwirira, galimoto inafika n'kuliza hutala. Ndinaika foni m'thumba, ndinayeza munthuyo pamphumi, ndinakweza chitsulo, ndinati good morning sir. Nditatulutsanso foni, anali atamaliza. Dothi limene ndinayenera kuponya ine anaponya ndani, mpaka lero sindinafunse.

Madzulo ake anaPhiri anabwera kuseri ndi tiyi m'fulasiki ya madamu awo. Anakhala pa njerwa, patali monga mwa lamulo, n'kuyimba nyimbo imodzi ya maliro motsitsa mawu. Atamaliza anayang'ana tiki wogumukayo. Za mafano sananenenso. Anangoti, "Mumuphimbe, fumbi lingalowe m'kamwamo." Siwa ya achimwene kuno inali imeneyo: anthu awiri ndi chipika.

Chaka chotsatira nanenso ndinapereka notisi. Pano ndikuyendetsa galimoto ya banja lina ku Madinat Khalifa, ndipo Lachisanu ndikachoka ku tchalitchi ndimakhala kuseri kwa garaja ndi matchizulo a Rodel. Olima maluwa a m'derali amandidziwa, kanjedza akagwa amandiimbira. Ndasema ambiri tsopano. Ena ndapatsa anzanga, mmodzi ali kwa dokotala wa mano amene anati amuthandiza kuopseza ana. Anthu amafunsa how much, ndipo lilime limandiyabwa, sindikana. Koma ndimakweza mapewa n'kunena kuti hobby. Lasiti wa pamsewu uja akanandiona akanandilodza.

Pamene ndinabwera kudzaika chiliza munandifunsa kuti chinthu chimene agogo a Filimoni anaseka chija chili kuti. Ndinakuuzani kuti chikwama chinalemera, a ndege anakana. Limenelo linali bodza, ndipo ndikufuna likhale lomaliza. Zoona zake n'zakuti sindinathe kupita nacho pa chisakasa chopanda munthu. Ndinkaona ngati chikakhala kuno, ndiye kuti ulendo wokakonzetsa udakalipo.

Koma anati ndibwere nacho, ndipo ndachedwa kale mokwanira.

Tsopano masulani thaulolo. Sekani, palibe mlandu, mwini wake anaseka poyamba. Mukatha, Yankho unyamule, poti ndiwe wandevu. Mupite nacho ku chisakasa, muchiimike pa chitsa chija, pafupi ndi pamene Esinati anapachika kasemasema. Muike njerwa pansi kuti chiswe chisachipeze. Wina akadzadutsa n'kufunsa mtengo, ngakhale atavala nsapato zabwino bwanji, mudzamuuze kuti agogo a Lasiti anati palibe.

Ndipo pakamwapo. Ndikudziwa Takondwa uli ndi manja abwino, udzafuna kumatapo phula kapena simenti kuti pakongole. Inenso lero ndikhoza kupakonza, ndikudziwa kadulidwe kake, ndapayang'ana madzulo ambiri tchizulo ili m'manja. Musakhudzepo. Ntchito imeneyo ili ndi mwini wake.